Muyeso wa nyimbo za oyimba opanda kampani

Woyimba wodziyimira payekha ndi amene sanasainirane mgwirizano ndi kampani yojambula ndi kugulitsa nyimbo, kotero kuti ntchito zonse zimene kampani yotere ikanamugwirira, kuyambira kulipira situdiyo, kusankha nyimbo zolowa m'chimbale, kuzifikitsa ku wailesi mpaka kutolera ndalama zake, amazisenza yekha kapena mothandizidwa ndi abale ndi abwenzi. Ku Ulaya ndi ku America, kumene msika waukulu uli m'manja mwa makampani atatu, Universal, Sony ndi Warner, dzina limeneli limanena za munthu amene akadali kudikira kuti akuluakulu a malonda amuone. Koma ku Malawi limakhudza pafupifupi woyimba aliyense, wotchuka ndi wosatchuka yemwe, chifukwa makampani amene anayesapo kusunga oyimba pa mgwirizano, monga Nde'feyo Entertainment kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, akhala ochepa kwambiri. Choncho funso la momwe nyimbo za anthu oterewa ziyenera kuyesedwera ndi funso la nyimbo za dziko lonse, ndipo yankho lake ndilo limagamula amene amveke pa wailesi, amene aitanidwe ku chikondwerero ndi amene ataye mtima n'kukagulitsa gitala yake. Oweruza amene akunenedwa pano si a m'mipikisano okha, koma onse amene chisankho chawo chimafika kwa anthu ambiri, monga muulutsi wosankha nyimbo za pulogalamu yake, mtolankhani wa zamsangalutso, wokonza zikondwerero ndi wojambula nyimbo amene amasankha woti ataye naye nthawi.

Ntchito yosankhayi yakhala ikusintha manja. M'zaka za m'ma 1950, Hugh Tracey, amene anayambitsa nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music mu 1954, anayendayenda m'midzi ya Nyasaland ndi makina ake ojambulira, ndipo zimene khutu lake linakonda zikumvekabe mpaka lero, pamene zambiri zimene anazipitirira zinapita ndi eni ake. Kuchokera mu 1964, MBC inali wailesi yokhayo kwa zaka zoposa 30 komanso malo aakulu ojambulirako, kotero kuti woyimba banjo wa ku Thyolo kapena kwaya ya ku Ekwendeni ankayenera kukhutiritsa antchito a wailesiyo, amenenso ankagwira ntchito pansi pa lamulo la 1968 lounika zamsangalutso, limene linkapatsa boma mphamvu yoletsa nyimbo. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, mphamvu inasamukira kwa eni masitudiyo, monga ya Imbirani Yahwe ya Paul Banda ku Balaka, ndi kwa ogulitsa makaseti monga O.G. Issa, amene muyeso wawo unali wakuti chimbale chiyenda malonda kapena ayi. Lero kompyuta imodzi, maikolofoni ndi pulogalamu ya FL Studio m'kachipinda ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi zikwanira kutulutsa nyimbo m'tsiku limodzi, ndipo nyimboyo imafika kwa anthu kudzera pa WhatsApp, pa YouTube, pa tsamba la Malawi-Music ndi kwa anyamata owotcha nyimbo m'misika, popanda aliyense woifunsa ngati yapsa. Ufulu umenewu ndi wabwino, ndipo palibe chifukwa cholirira masiku amene anthu ochepa ankatsekera pakamwa anzawo. Koma wachititsa kuti nyimbo zichuluke kuposa makutu ozimvetsera mofatsa, ndipo woweruza wotopa amagwira chimene chili pafupi, chomwe nthawi zambiri chimakhala kumveka bwino kwa situdiyo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chimene chimafika m'khutu ngati chinthu chimodzi ndi ntchito zitatu zosanjikizana. Yoyamba ndi kapekedwe, kutanthauza mawu, kayendedwe ka liwu kokwera ndi kutsika, ndi kasanjidwe ka zigawo za nyimbo. Yachiwiri ndi kayimbidwe, ndiko kuti mmene pakhosi ndi zala zaperekera chopekedwacho. Yachitatu ndi kajambulidwe, komwe ndi ntchito ya makina ndi ya munthu wowayendetsa, kuphatikizapo kusakaniza mawu ndi zida kuti china chisakwirire chinzake. Ziwiri zoyambazo zimachokera kwa woyimba, pamene yachitatu imagulidwa ndi ndalama, ndipo ndi imeneyi imene kampani imapatsa oyimba ake. Woweruza amene amayesa wodziyimira payekha ndi kajambulidwe amakhala akuyesa thumba la ndalama la munthuyo, osati luso lake. Mayi wodziwa kugula chimanga pamsika salabadira ngati thumba ndi latsopano kapena lazigamba, amapisa dzanja mpaka pansi, kutapa pang'ono n'kuluma kuti amve ngati chauma komanso ngati sichinafumbwe, ndipo khutu la woweruza liyenera kuphunzira kupisa chimodzimodzi.

Kuti zimenezi zimveke bwino, ndi bwino kuona chimene makina otchipa amachita ku chida ngati babatoni. Chidachi, monga chimene amayimba Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, ndi mtengo wautali wokhala ndi waya mmodzi, wolumikizidwa ku ng'oma yokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, ndipo woyimbayo amamenya wayayo ndi kamtengo kwinaku akutsetsereza botolo kuti liwu likwere kapena litsike. Mphamvu yake yonse ili m'liwu lakuya limene munthu woima pafupi amalimva m'chifuwa asanalimve m'khutu. Kamaikolofoni ka foni sikatola liwu lakuya chotero, ndipo kasipika ka foni sikangalitulutse, choncho chimene chimatsala pa kanema wojambulidwa pamsika ndi kulira kwa waya ndi phokoso la maminibasi. Amene amva zimenezo n'kugamula kuti palibe nyimbo waweruza foni. Palinso msampha wina umene akatswiri a m'masitudiyo amaudziwa bwino, wakuti nyimbo imodzimodziyo ikaseweredwa kawiri, kachiwiriko mokweza pang'ono, anthu ambiri amanena kuti yachiwiriyo ndiyo yokoma. Masitudiyo odula amadziwa kufinya nyimbo kuti imveke yokweza kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo nyimbo ya m'kachipinda ikabwera pambuyo pake imamveka yofowoka ngakhale itapekedwa mwaluso. Mankhwala ake ndi apafupi: kulinganiza kukweza kwa nyimbo zonse asanaziyerekeze, ndi kuzimvetsera pa zipangizo zoposa chimodzi.

Makina amathanso kunamiza mbali inayo. Kuyambira mu 1997, pamene pulogalamu ya Auto-Tune inatuluka, zakhala zotheka kuwongola liwu la munthu wosemphana ndi kiyi kuti limveke ngati la nthetemya, ndipo biti, ndiko kuti zida zonse zoperekeza mawu zokonzeratu pa kompyuta, ikhoza kugulidwa kapena kutengedwa pa intaneti popanda woyimba kuikapo nzeru yake. Nyimbo yosalala ikhoza kukhala yopanda kanthu m'kati. N'chifukwa chake oweruza osamala amafunsa ngati nyimboyo ingayime itachotsedwa zokometsera zonse n'kutsala ndi liwu ndi gitala imodzi, ngati kayendedwe kake kamatsalira m'mutu tsiku lotsatira, ndiponso ngati ndime yachiwiri ikupititsa nkhani patsogolo kapena ikungobwereza yoyamba ndi mawu ena. Kuona woyimbayo pamaso pa anthu, ndi zida zenizeni, kumaulula m'mphindi zochepa zimene situdiyo inabisa: ngati mpweya umamukwanira, ngati amamva anzake, ngati ng'oma ndi besi zikuyendera limodzi. Komabe muyeso umenewu uli ndi malire ake, chifukwa m'zamba monga hip hop, dancehall ndi amapiano kasanjidwe ka mamvekedwe pa kompyuta ndi mbali ya kapekedwe kenikeniko, ndipo kuuza wopanga amapiano kuti ayimbe nyimbo yake pa gitala n'kusamvetsa chamba chake. Funso lothandiza pa zamba zonse ndi lakuti chimene chikumvekacho ndi chosankha kapena chosowa. Phokoso la m'chipinda chopanda zotchingira mawu limachokera ku kusowa, ndipo liyenera kukhululukidwa. Koma gitala yosachunidwa, mawu osaloweza ndi kolasi yoyimbidwa aliyense pa nthawi yake sizifuna ndalama kuti zikonzedwe, ndipo umphawi suyenera kukhala pobisalira ulesi.

Pamene nyimbo yalekanitsidwa ndi kajambulidwe kake, patsala funso lovuta kwambiri, la muyeso umene iyesedwe nawo. Khutu lililonse linaleredwa penapake, ndipo ambiri mwa amene amatchedwa odziwa nyimbo ku Malawi anaphunzirira pa kiyibodi ya kutchalitchi, imene imagawa mtunda wa pakati pa liwu ndi linzake lofanana nalo lapamwamba m'masitepe 12. Ulimba wa ku chigwa cha Shire umagawa mtunda womwewo m'masitepe 7 otalikirana pafupifupi mofanana, kotero kuti kwa munthu wozolowera kiyibodi umamveka ngati wosachunidwa pamene mwini wake anausema ndi kuuchuna mosamala kwambiri. Chimodzimodzi ndi chitoliro cha kwela. Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria amene anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka mu 1967 akuyimba m'misewu ya Blantyre, anafotokoza mmene oyimba kwela amalowetsera mutu wa chitoliro m'kamwa mochipendeketsa, kuti liwu lituluke lonenepa ndi lotha kupindika. Mphunzitsi wa chitoliro wa ku Ulaya akanati woyimbayo akugwira chida molakwika, koma m'kagwiridwe kameneko ndi mmene munali chamba chonsecho. Allan Namoko, woyimba wosaona wa ku Thyolo amene anamwalira mu 1995, ankayimba ndi liwu lokhakhala pa banjo ndi ng'oma zopanga pamanja za gulu lake la Chimvu River Jazz Band, ndipo pa mpikisano wofuna liwu losalala sakanapita patali, chonsecho ndi ochepa amene anafika pamene iye anafika pa kuyika chisoni cha ana amasiye ndi cha anthu osauka m'nyimbo yovinika. Woweruza ayenera kuyamba wadziwa chimene woyimba akufuna kuchita ndi malamulo a chamba chimene wasankha, kenako n'kuona ngati wachikwaniritsa, ndipo pomaliza pake n'kufunsa ngati chinali choyenera kuchitaya nthawi.

Mawu a nyimbo amafuna khutu lawolawo, ndipo apa woweruza wolankhula chinenerocho ali ndi udindo umene mlendo sangausenze. M'Chichewa mawu onse amathera ndi lembo la liwu, ndipo aneni ambiri amathera ndi a, choncho kufananitsa mathero a mizere n'kosavuta moti sikungakhale umboni wa luso. Mnyamata amene wamaliza mizere 16 ndi mathero ofanana sanachite chodabwitsa ngati m'mizeremo mulibe chithunzi chimodzi chimene womvera angachione. Chichewa chimatalikitsanso phatikizo lotsatana ndi lomaliza pothera chiganizo, ndipo chili ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu kumene kumasiyanitsa matanthauzo, kotero kuti mawu akakanikizidwa pa biti yopangidwira chinenero china amathyoka, kulemera kwake n'kugwera pamalo polakwika, ndipo womvera amamva kuti pali chokhota ngakhale sangachitchule. Oyimba aluso amapeza njira yoti biti ndi chinenero zigwirizane popanda china kupweteka. Kuwonjezera apo, dziko lino lili ndi mwambo wautali wa kuphiphiritsa, kuyambira nyimbo za pamtondo zimene amayi ankadzudzulira amuna awo ndi apongozi popanda kutchula dzina, mpaka nyimbo za nthawi ya chipani chimodzi zimene zinkanena za boma kudzera m'nkhani za nyama ndi za banja. Amene sadziwa mwambowu angathe kutaya nyimbo yozama poyesa kuti ikungonena za nkhuku, ndipo angathenso kutamanda nyimbo yolalikira mwachindunji chifukwa choti uthenga wake ndi wabwino. Uthenga wabwino supanga nyimbo yabwino, ndipo mipikisano yambiri yothandizidwa ndi mabungwe, imene imafuna nyimbo za mutu wopatsidwa, yazoloweza achinyamata kuganiza kuti kutchula mavuto a dziko motsatana ndiye kupeka.

Za kubwereka kunja zimadzudzulidwa kawirikawiri mopanda chilungamo. Kwela anabwera kuchokera ku Joni, rumba ku Congo, reggae ku Jamaica, ndipo palibe amene angati Evison Matafale kapena Alleluya Band sanali Amalawi m'mayimbidwe awo chifukwa cha zimenezo. Wachinyamata wotengera za ku Lagos kapena ku Pretoria lero akuchita zimene akulu ake anachita, ndipo chofunika kufunsa n'chakuti waonjezapo chiyani chimene mwini chambacho sakanatha kuikapo.

Khutu la alendo laonetsa kangapo zimene oweruza a kwawo kuno anazipitirira, ndipo nkhani yake iyenera kuonedwa mbali zonse ziwiri. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band anayimba m'misewu ya Lilongwe kwa zaka zambiri, wina pa babatoni, wina pa gitala ya zingwe zinayi ndi ng'oma yomenya ndi chidendene, anthu akuwaponyera ndalama zachitsulo, mpaka pamene anakayimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, ndipo mu 2019 kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa chimbale chawo cha Wasalala. Nyimbo zawo sizinasinthe pakati pa msewu ndi nsanja za ku Ulaya. Chinasintha ndi amene ankamvetsera. Chimbale cha Zomba Prison Project, chimene Ian Brennan anajambula ndi akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba mu 2013 n'kutuluka mu 2015, chinalowa m'gulu la zopikisana pa mphoto ya Grammy ya 2016 pamene Amalawi ambiri anali asanachimvepo. Zitsanzo zimenezi ndi chidzudzulo choyenera kwa amene amaona chida chopanga pamanja n'kutseka makutu. Komabe msika wa kunja nawo uli ndi zokonda zake, ndipo umakopeka msanga ndi nkhani ya umphawi, ya ndende ndi ya zida zosemedwa pakhomo kuposa ndi mtsikana wa ku Zingwangwa wopeka bwino pa kompyuta, amene kwa iwo samveka wachiafirika mokwanira. Woweruza wa kuno amene amadikira kuti London kapena Geneva ivomereze kaye asanatamande, sanachoke pa vuto lija loweruza ndi zakunja kwa nyimbo, wangosintha mbuye.

Masiku ano ambiri athawira ku manambala, poganiza kuti chiwerengero cha oonera pa YouTube kapena mavoti a pafoni ndi chigamulo cha anthu chimene sichinama. Kafukufuku amene Matthew Salganik, Peter Dodds ndi Duncan Watts anafalitsa m'magazini ya sayansi yotchedwa Science mu 2006 anayesa ganizo limeneli mwachindunji, ndipo anagwiritsa ntchito nyimbo za magulu osadziwika. Anthu 14,341 anapatsidwa nyimbo 48 kuti amvetsere, apereke malikisi ndi kutenga zimene azikonda. Gulu lina linkasankha osaona zimene anzawo achita, pamene ena anagawidwa m'magulu 8 osaonana, ndipo m'gulu lililonse munthu ankaona kuti nyimbo iliyonse yatengedwa kangati ndi amene anabwera iye asanafike. Zotsatira zinaonetsa kuti kumene anthu ankaona manambala, nyimbo zotsogola zinkatsogola mopitirira muyeso, ndipo nyimbo imodzimodziyo inkatha kukhala pamwamba m'gulu lina n'kukhala pakati kapena m'munsi m'gulu linzake, malinga ndi zimene anthu oyambirira anangopezeka atasankha. Nyimbo zabwino koposa sizinkagwa kawirikawiri, ndipo zoipa koposa sizinkakwera kawirikawiri, koma pakati ponsepo mwayi ndiwo unkalamulira. Tanthauzo lake kwa wodziyimira payekha ndi lalikulu, chifukwa iye ndi amene alibe ndalama zokankhira nyimbo yake m'masiku oyambirira amene amagamula zonse.

Mbiri ya Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, ikuonetsa zomwezo pa moyo weniweni. Nyimbo yake ya Linny Hoo inalipo kwa zaka zambiri, ndipo atayiyimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020 inafalikira pa TikTok kwa anthu mamiliyoni ambiri a m'mayiko amene samva Chichewa. Aliyense amene akanayesa nyimboyo ndi manambala mu 2019 akanaiona yaing'ono. Ku Malawi manambala amapotozedwanso ndi mtengo wa intaneti, popeza okonda woyimba wa kumudzi amapatsirana nyimbo pa memori khadi ndi pa Bluetooth, njira zimene sizisiya chiwerengero paliponse, pamene woyimba wa m'tauni wokhala ndi abwenzi okwanitsa kugula bandulo amaoneka ngati ndiye wokondedwa ndi dziko lonse. Mavoti olipira pafoni amayesa kuchuluka kwa mayunitsi amene achibale angagule, ndipo oonera ndi otsatira pa intaneti amagulidwanso. Spotify, imene inafika ku Malawi mu 2021, inakhazikitsa kuyambira mu 2024 lamulo lakuti nyimbo imene sinamvedwe kokwana 1,000 m'miyezi 12 isalandire ndalama, zomwe zikutanthauza kuti nambala tsopano ikugamula ngakhale za malipiro a amene akungoyamba.

Akatswiri nawonso amaphonya, ndipo woweruza woona mtima ayenera kudziwa m'mene amaphonyera. Pa 1 January 1962 kampani ya Decca inamvetsera gulu la anyamata a ku Liverpool lotchedwa The Beatles, limene panthawiyo linalibe kampani kwawo, n'kulikana, ndi kusankha gulu la Brian Poole and the Tremeloes. Victor Ginsburgh ndi Jan van Ours, pounika mu 2003 zotsatira za mpikisano wa piyano wa Queen Elisabeth ku Brussels, kumene ndondomeko ya oyimba imasankhidwa mwa maere, anapeza kuti oyimba chakumapeto ankapeza malo abwino kuposa oyimba koyambirira, chinthu chimene sichikanachitika luso likanakhala lokhalo loyesedwa. Chia-Jung Tsay anaonetsa mu 2013 kuti anthu, kuphatikizapo oyimba ophunzira, ankatha kulozera wopambana pa mpikisano molondola poonera kanema wopanda mawu kuposa pomvetsera mawu opanda kanema, kusonyeza kuti maso amalanda ntchito ya makutu mwini wake osazindikira. Zofooka zimenezi zili ndi njira zozichepetsera zimene sizidula: kumvetsera koyamba popanda kuona dzina, chithunzi kapena kanema, kusintha ndondomeko pomvetsera kachiwiri tsiku lina, kulola woweruza aliyense kulemba malikisi ake asanakambirane ndi anzake kuti wamkulu pagulupo asakokere onse kumbali yake, ndi kuyesa woyimba pa nyimbo zingapo, popeza nyimbo imodzi yabwino ikhoza kugwa mwamwayi koma zitatu zimaonetsa dzanja la munthu.

Chotsala ndi khalidwe la woweruza, ndipo m'dziko laling'ono limene oyimba, aulutsi ndi atolankhani amadziwana, amapemphera limodzi ndi kukumana pamaliro, mbali imeneyi ndi yolemera kuposa zonse. Dandaulo lakuti nyimbo simveka pa wailesi popanda kupereka kangachepe ndi lakale pakati pa oyimba, ndipo kumene zimenezi zimachitika kuweruza kumathera pomwepo, chifukwa nyimbo ya wosauka imagwa isanamvedwe. Kuwonongeka kwake kumafika patali, popeza bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza eni ntchito zaluso, limagawa ndalama zochokera ku mawailesi potsata mmene nyimbo zaseweredwera, kotero kuti wotsekeredwa pa wailesi watsekeredwanso pa malipiro. Koma pali kulakwa kwina kooneka ngati chifundo, kumene kumawononga mwakachetechete, ndiko kutamanda chilichonse poti mwiniwake ndi wachinyamata amene akuyesetsa. Woyimba wa pa kampani ali ndi munthu womuuza kuti nyimbo iyi sinapse, ndime iyi ichoke, kiyi iyi yamukwerera. Wodziyimira payekha alibe munthu wotero, ndipo ozungulira iye ndi abwenzi amene amamuuza kuti yaphulika. Ngati mtolankhani nayenso angomuyamikira, mnyamatayo adzagulitsa mbuzi za amayi ake kujambulitsa chimbale chimene akanachikonza akanauzidwa zoona nthawi ilipo. Chidzudzulo chomuthandiza ndi chotchula malo enieni, monga kunena kuti kolasi ikuchedwa kufika, kuti besi ikukwirira mawu, kuti ndime yoyamba ili ndi chithunzi champhamvu chimene yachiwiri yachitaya, ndipo chimanenedwa za nyimbo popanda kunyoza munthu, kwawo kapena kavalidwe kake.

Ntchito yotereyi imafuna nthawi, ndipo nthawi imafuna wolipira. John Peel, amene anaulutsa pa BBC Radio 1 kuyambira mu 1967 mpaka imfa yake mu 2004, ankadziwika ndi kumvetsera yekha matepi otumizidwa ndi magulu osadziwika, ndipo mu 2007 BBC inakhazikitsa ndondomeko ya BBC Introducing, imene woyimba aliyense wopanda kampani ku Britain amatumizirako nyimbo kuti imvedwe ndi antchito a wailesi ya m'dera lake. Malawi ili ndi mawailesi a m'madera m'maboma ambiri, ili ndi zikondwerero monga Lake of Stars, Sand Music ndi Tumaini ya ku Dzaleka, ndipo oyimba ofuna kumvedwa ndi osawerengeka. Wailesi, nyuzipepala kapena chikondwerero chimene chikufunadi kutumikira nyimbo za dziko lino chilembe munthu ntchito yomvetsera zonse zotumizidwa, chilengeze poyera muyeso umene azitsata, chimulipire mokwanira kuti asayang'ane m'manja mwa woyimba, ndipo chimulole kunena zimene wamva.